Mutu Umene Mfalansa Sanalembe

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa tonse atatu kuno. Kaya mukudzuka bwanji masiku ano, nanga bondo lija likuti chiyani? Achimwene anandiuza kuti mankhwala opaka amene ndinatumiza mukuwasunga osatsegula, ati mukudikira tsiku limene bondolo lidzapweteke zenizeni. Pakani, Amayi, akatha ndidzatumiza ena.

Ife kuno tili bwino. Mkamwini wanu anagwidwa ndi chimfine sabata yatha, ndipo mmene ankabuulira mukanati titumize uthenga kwa abale, koma wachira. Mdzukulu wanu waguluka dzino lachiwiri, moti akuonetsa mpatawo kwa aliyense, ngakhale woyendetsa basi.

Mwina mukudabwa kuti kalata ndi yachiyani foni ilipo. Chifukwa chake n'chakuti pa foni ndinu katswiri wozemba nkhani. Ndikangoyamba zofunika mumandifunsa ngati ndadya, kenako mwapatsira foni alamu. Komanso achimwene amakonda kukweza mawu a foni kuti nyumba yonse imve nawo. Nkhani iyi ndi ya inu ndi ine. Valani magalasi, mukhale pansi.

Mukudziwa kuti chaka chino chonse ndakhala ndikumasulira buku la telala lija, limene malemu Bambo ankaphunzitsa ana awo a Chifalansa chaka ndi chaka. Ndikukumbutseni pang'ono, ngakhale ndayamba kukayikira ngati inuyo mukufunika kukumbutsidwa.

Linalembedwa m'Chifalansa zaka pafupifupi mazana atatu zapitazo, ndipo ntchito yake ndi kunyogodola anthu odzimva. Telala wina amayenda nyumba ndi nyumba ndi kachingwe kake koyezera, kukayeza oweruza, madokotala, akuluakulu a asilikali. Mutu uliwonse amapeza kuti munthuyo ndi wochepa kuposa chovala chimene waitanitsa, ndipo nsalu imatsala yambirimbiri.

A kampani yosindikiza mabuku anandipatsa ntchito yoti ndiliike m'Chingerezi cha masiku ano. Ena analimasulirapo kale, koma Chingerezi chawo ndi chovala jekete ndi tayi. Umawerenga n'kudziwa kuti apa ndiye pofunika kuseka, koma osaseka. Mkonzi amene amayang'anira ntchito yanga anati akufuna munthu aziseka ali m'basi mpaka anzake amucheukire. Mkonziyu tinamupatsa dzina loti Bambo Chifukwa, poti chilichonse unganene, amakuyankha ndi liwu limodzi lomwelo.

Kagwiridwe kanga ka ntchito n'kosavuta. Ndikamaliza mutu, ndimauwerenga mokweza kukhitchini mkamwini wanu akutsuka mbale. Iye uja ndi wa mapaipi ndi masipanala, mabuku amangowalemekeza patali. Mbale zikapitiriza kulira, ndimadziwa kuti nthabwala yafera m'njira, ndibwerezenso. Madzi akasiya kutuluka pampopi, ndiye kuti yafika yamoyo.

Tsopano imvani kupusa kwanga. A kampani ananditumizira buku la Chifalansalo latsopano, losindikizidwa bwino, kuti ndizigwiritsa ntchito. Mpaka mwezi watha linali likadali m'pulasitiki wake pamwamba pa shelefu. Ine ndinamasulira kuchokera m'buku lathu lija, lotaipa, la chikuto chobiriwira, limene munandipatsa titaika maliro a Bambo. Ndinkafuna kumaona pensulo ya Bambo m'mphepete mwa masamba, ndizimva ngati tikugwira ntchitoyi awiri. Womasulira wanzeru sachita zimenezi, ndipo ndinkadziwa.

Bukulo munataipa ndinu. Ndikukumbukira bwino. Maso a Bambo anali atayamba kuvuta, ndipo buku lawo lakale linali la tizilembo ting'onoting'ono, masamba ena akuthothoka. Lachisanu lililonse munkabwera ndi taipi ya ku ofesi kwanu m'chikwama chachikulu, phewa litapendekeka, n'kuikhazika pa tebulo lodyera. Loweruka lonse nyumba inkangomveka kha-kha-kha, ndi kabelu kaja kumapeto kwa mzere.

Taipiyo inalibe timizere ndi tizipewa timene Afalansa amaika pamwamba pa zilembo. Ndiye mukamaliza tsamba munkatenga cholembera chakuda n'kumaika kamodzikamodzi, lilime lili pakona pa mlomo. Kukabwera alendo, Bambo ankawaonetsa masambawo monyadira, n'kumati onani, mkazi wanga amajambula Chifalansa ngati maluwa a pa nsalu, chilembo ndi chilembo, osamva ngakhale liwu limodzi. Inu munkamwetulira n'kufunsa alendowo kuti shuga masipuni angati.

Masabata atatu apitawo Bambo Chifukwa anandiimbira foni. Anandifunsa kuti buku langa lili ndi mitu ingati. Ndinati 28. Anati chifukwa? Ndinati chifukwa ndi mmene bukulo lilili. Kenako anati ndifike ku ofesi, ndipo ndisaiwale buku limene ndimamasulira.

Ofesi yake ndi kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato, kodzaza mapepala mpaka mpando wa mlendo umayamba wapepesa kuti ukhalepo. Ndinapeza atayala mabuku anayi a telalayo pa tebulo, osindikizidwa zaka zosiyanasiyana, limodzi lobwereka ku laibulale, lakale moti amalitsegula ndi nsonga za zala. Onse anayi anali ndi mitu 27. Mutu wathu wa 19, wonena za kabati, munalibe m'buku ndi limodzi lomwe. Pamene 18 wathera, iwo amalumphira pa umene ife timautcha 20.

Amayi, ndinati basi, ntchito yatha, ndipo palibenso amene adzandipatse ngakhale kalata ya chipatala kuti ndimasulire. Koma nditakweza maso ndinaona kuti munthuyo akulimbana ndi kuseka. Anati vuto ndi lakuti mutu umenewo ndi wokoma kuposa mitu yonse. Mayi amene amakonza masamba asanapite kumakina anauwerengera anzake pa nthawi ya chakudya cha masana, ndipo wina anatsamwa ndi tiyi.

Sindinadabwe. Tsiku limene ndinauwerenga kukhitchini, madzi anasiya kutuluka pa chiganizo chachitatu, ndipo tisanafike kumapeto mkamwini wanu anaswa kapu yanga yamaluwa.

Ndikuuzeni mmene mutuwo umayendera, ngati kuti simukuudziwa.

Telala akufika kunyumba kwa munthu wophunzira kwambiri mumzindamo kuti amuyeze mkanjo waulemu. Atamaliza, wophunzirayo akumuuza kuti ayezenso mkazi wake, n'kumulozera kabati ya mabuku imene ili pakona. Akufotokoza kuti anayesa kufunsira akazi wamba, koma onse anali ndi chilema chimodzi, ankayankha. Kabati yokha ndi imene imanyamula mabuku onse popanda kutsutsana ndi limodzi lomwe.

Telala, poti ndi telala, akungoyeza. M'mapewa, m'chiuno, kutalika. Akufunsanso mwaulemu ngati mayi a m'nyumba amakonda mabatani kutsogolo kapena kumbuyo.

Pa chakudya, wophunzirayo ndi mwana wake wamkazi akulankhulana Chilatini kuti kabati isamve, chonsecho ndi kabatiyo imene yaphika, ndipo ndi yomweyo imene ikumukumbutsa mwakachetechete kuti magalasi amene akuwafunafuna ali pamphumi pake. Awiriwo atatuluka, telala akugwada kuti ayeze m'munsi. Pamenepo kabati ikumunong'oneza, m'Chilatini chosalala kuposa cha mwamuna wake, kuti asamale ndi mwendo wakumanzere chifukwa umagwedera.

Telala atatsitsimuka akuifunsa kuti nanga bwanji simulankhula? Kabati ikuti mabuku onsewo inawawerenga kuchokera mkati, ena kawiri, poti inalibe kwina kopita. Koma ikalankhula, awiriwo adzafunika kuphunzira chilankhulo chachitatu chobisiramo nkhani zawo, ndipo bamboyo wakula, mutu wake sungathenso. Ndiye imangokhala chete powamvera chisoni. Ndipo m'buku lonse, ndi tsiku lokhalo limene nsalu inamuperewera telala.

Bambo Chifukwa anali atatumiza kale fotokope ya Chingerezi changa cha mutuwo kwa Pulofesa wina wopuma ntchito, amene wathera zaka makumi anayi akufufuza za mlembi wa bukuli. Mkuluyo anabwera tsiku lomwelo. Tinamumva akukwera masitepe ndi ndodo yake, akupumira panjira, ndipo atalowa sanadikire n'komwe kupatsidwa mpando.

Anagwira buku lanu ndi manja awiri, n'kuwerenga Chifalansa cha mutuwo mpaka kumapeto. Anati uwu ndi mutu wotayika, mwina akuluakulu a nthawi imeneyo anauchotsa, ndipo wina anausunga m'buku limene ife sitikulidziwa. Anati mawu ake ndi a mlembi yemweyo, kayendedwe ka ziganizo, kaperekedwe ka mbama akumwetulira, kungoti apa mlembiyo akuoneka kuti anali ndi chifundo chimene sanachionetse kwina kulikonse. Anapukuta maso ndi mpango. Anati mwezi wamawa kuli msonkhano wa anthu ofufuza za mabuku akale, ndipo akaulengeza kumeneko.

Ndisakunamizeni, Amayi, ndinakomedwa. Ndili m'basi ndinkadziona kale dzina langa likutchulidwa ngati mayi amene anatola mutu wotayika. Ndinakonzeratu ndi diresi lokavala.

Nditafika kunyumba ndinati ndiuwerengenso mutuwo. Mukudziwa, womasulira amaona buku ngati mmene womanga amaonera nyumba, njerwa ndi njerwa, moti akhoza kumaliza khoma lonse osazindikira kuti ndi la kwawo. Ulendo uno ndinasiya dikishonale pambali, n'kungowerenga ngati munthu.

Wophunzira wa m'mutumo amawerenga mapazi ali m'beseni la madzi ofunda othira mchere. Akafuna tiyi saitana, amagogoda tambula ndi sipuni kawiri. Mlendo akamuyankha zosamukomera amayamba kupukuta magalasi ndi nsonga ya tayi, kapena kuti ya mpango wa m'khosi, poti nthawi imeneyo kunalibe tayi, ndipo wolembayo anasamala zimenezo. Ndinaseka ndekha pokumbukira kuti Bambo ankachita zomwezo, n'kumati anthu ophunzira amafanana ndithu, ngakhale patapita zaka mazana atatu.

Kenako ndinafika pa chiganizo chimene mwana wamkazi uja akunena pa tebulo. Akuuza bambo ake kuti chimene amaikondera kabati n'chakuti imanyamula mabuku onse koma sidziwa zimene zili mkati mwake.

Chiganizo chimenecho ndinachimasulira kanayi miyezi yapitayo. Ndinkafuna chilume bwino m'Chingerezi, ndipo nditachipeza ndinadziyamikira, ndinadzipangira ndi tiyi. Sindinachizindikire. Koma tsiku limenelo, nditakhala pa bedi nsapato zili kuphazi, ndinamva mawu a amene anachinena koyamba. Anali mawu anga.

Ndinali ndi zaka 16. Kunkagwa mvula, tinayatsa magetsi masana. Munali mutangomaliza masamba a sabata imeneyo, ndipo Bambo ankawayang'ana pa tebulo n'kumayamikira kuti mulibe cholakwika ndi chimodzi chomwe. Masiku amenewo ine ndi Bambo tinkadya m'Chifalansa, ati kuti lilime langa lizolowere. Achimwene anali atapita kale kusukulu yogonera komweko, ndiye pa tebulo panali olankhula awiri ndi inu. Ndi nthawi imene munandipatsa dzina loti Madamu, chifukwa cha mmene ndinkanyamulira mphuno.

Ndinauza Bambo m'Chifalansa kuti Amayi ali ngati kabati ya pabalaza, amanyamula mabuku onse koma sadziwa zimene zili mkati. Bambo anati iwe mwana iwe, koma anaseka. Inu munkadula buledi. Mpeni sunaime n'komwe. Munandifunsa ngati ndikufuna chidutswa china, ndipo ndinalandira.

Amayi, munamva.

Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga sukupuma, ndipo ndikuvomera kuti pamodzi ndi manyazi pali chidwi chimene chikundidya. Munaphunzira liti? Motani?

Ndayesa kulumikiza ndekha. Zaka khumi ndi chimodzi munkataipira Bambo mayeso, ndi mayankho ake omwe, funso uku yankho uku. Ana a sukulu ankabwera pabalaza kudzabwereza ziganizo mokweza, inu mukusita zovala kuseri kwa chitseko chosatseka. Ndiye pali dikishonale yaikulu ija imene chikuto chake chinathothoka. Bambo anandikalipira ine kuti ndimaigwira ndi manja a batala, ndipo ndinalira poti sindinkaitsegula n'komwe, ulesi unali utandikwana. Kodi munkaiwerenga nthawi yanji, tonse tikapita? Munkaibweza bwanji pamalo pake osasuntha fumbi?

Komanso kumva chilankhulo ndi kwina, kulemba ngati munthu wa zaka mazana atatu zapitazo ndi kwinanso. Ine ndili ndi mapepala a sukulu awiri pakhoma, koma sindingathe kulemba ndime imodzi yoti Pulofesa alire nayo. Kodi munayamba mwalemba pamanja? Munang'amba kangati? Pamene munkasintha manambala a mitu yotsatira kuti 19 wanu akwane, munkaseka, kapena munali mutakwiya?

Ndipo munamva zingati? Apa ndiye ndikutuluka thukuta. Mphatso zimene tinkakubisirani, zimenezo zilibe kanthu, ngakhale tsopano ndikuona kuti munkadabwa mwaluso kwambiri. Koma tinkanenanso za azakhali ndi ukwati wawo wachitatu. Tinkanena za chipewa chanu cha kutchalitchi. Tsiku limene dokotala ananena zoona za maso a Bambo, tinagwirizana pa tebulo pomwepo, inu mukutithirira tiyi, kuti tisakuuzeni chifukwa mudandaula. Mawa lake munagula nyale yowala kwambiri n'kuiika pambali pa mpando wawo, ife n'kumati zangochitika.

Nanga mnyamata wa njinga yamoto uja? Ine ndi mnzanga wa m'kalasi tinapangana zonse m'Chifalansa pakhonde, inu mukuthirira maluwa pompo. Loweruka lake ndinapeza nsapato zanga zonse zili m'beseni, mwazinyika, ati zinada. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti mayi anga amalota zinthu.

Pali chinthu china, ndipo ichi ndi chimene chandilembetsa kalatayi mofulumira. Ndikufuna kudziwa ngati bukulo munalitsegulanso mutawapatsa Bambo. Ndikukayikira. Linkakhala m'dirowa yawo ya kusukulu, kenako m'katoni ya mapepala awo, ndipo katoniyo munandipatsa ili yomanga ndi chingwe.

Poyamba ndinkaganiza kuti mwina Bambo nawonso anapusitsika ngati ine. Koma sizingatheke. Anaphunzitsa bukulo zaka makumi awiri musanalitaipe, ankalidziwa ngati njira ya kuchimbudzi. Ndiye ndinayamba kuyang'ana pensulo yawo. Mitu ina yonse yadzaza, mizere, mafunso ofunsa ana, apa aseke, apa afotokoze. Mutu 19 ndi woyera kuyambira tsamba loyamba. Sanakonze kanthu, sanadule mzere paliponse.

Koma kumapeto kwake, pansi penipeni pakona, pali tinambala tiwiri tolembedwa mopepuka. Ndinationa kale, ndinkayesa ndi masamba oti ana akawerenge. Palembedwa 18/20.

Amayi, inu mukuwadziwa Bambo ndi malikisi. Ankati mwana ukamupatsa oposa 15 amaleka kumva. Ine mwana wawo, amene ankanditamanda kwa alendo, sindinapitirirepo 14. Mnyamata uja amene pano ndi kazembe anapeza 15 kamodzi, makolo ake anabwera kudzathokoza. Pa moyo wawo wonse wauphunzitsi sindikudziwa munthu wina amene anamupatsa 18.

Pansi pa malikisiwo pali liwu limodzi. Zonse zimene Bambo analemba m'bukumo, masamba mazana atatu, ndi za m'Chifalansa. Ili lokha analemba m'chilankhulo chathu. Analemba kuti: Ndamva.

Nditaliona ndinakumbukira zimene sindinaziganizirepo. Chaka chimenecho chisanathe, Chifalansa cha pa tebulo chinatha. Ndikayamba, Bambo ankandiyankha m'chilankhulo chathu, ndipo ndikakakamira ankati pa chakudya si m'kalasi. Ndinakwiya, ndinkayesa atopa nane. Tambula ija anasiyanso kuigogoda. Ankadzuka okha kupita kukhitchini, n'kukasokoneza zinthu zanu zonse pofuna masamba a tiyi, inu n'kumawathamangitsa.

Ndiye ndiuzeni, munakambiranapo? Kapena munangokhala zaka zina khumi ndi zisanu, wina akudziwa kuti mnzake akudziwa, osatchula? Ndikakuganizirani awirinu ndimafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ngati sanakuuzeni, ndiye kuti yankho lawo lakhala m'katoni zaka zonsezi, ndipo ine ndakhala nalo pa desiki chaka chathunthu n'kumaikapo kapu ya tiyi.

N'chifukwa chake m'envulopu muno mwapeza tsamba lachikasu lopindidwa m'pepala loyera. Si fotokope. Ndalidula ndi lezala m'bukumo. Ndi lanu.

Tsopano pempho langa.

Ndinabwerera ku ofesi n'kuwauza awiriwo kuti mutuwo si wa Mfalansa. Ndinati wolemba wake ndikumudziwa, ali moyo, ndipo bondo likumuvuta. Dzina sindinatchule. Pulofesa anandiyang'ana mwachifundo, ngati ndadwala mutu. Anati mwana wanga, palibe munthu wamoyo amene angalembe chonchi, ndipo ngati alipo, anaphunzira kuti? Ndinatsala pang'ono kunena kuti pa tebulo lodyera, koma ndinaluma lilime. Anati popanda dzina ndi umboni, iye akalengeza basi, chifukwa watumiza kale mutu wa nkhani yake kwa okonza msonkhano.

Si munthu woipa, Amayi. Waukonda mutu wanu kuposa mmene ena amakondera ana awo. Koma akakalankhula kumeneko, ntchito yanu idzalowa m'mabuku m'dzina la mwamuna amene anafa kalekale, woti ali kale ndi mitu 27 yakeyake. Moyo wanu wonse mwataipa makalata osainidwa ndi anthu ena. Uwu wokha sindikufuna upite choncho.

Bambo Chifukwa akuti m'kati mwa bukulo mutuwo sungakhalemo, ndipo akunena zoona. Ndinamufunsa ngati tingauike kumapeto, paokha, Chifalansa chanu tsamba lakumanzere, Chingerezi changa lakumanja, dzina lanu pamwamba, ndi ndime yochepa yofotokoza mmene unalowera. Ndinadikira liwu lake lija. Sanalinene. Anangoti inde, n'kuyang'ana pawindo. Anzanga a mu ofesimo mpaka lero sakukhulupirira.

Buku lipita kumakina pa 20 mwezi wamawa, ndipo msonkhano wa Pulofesa ndi sabata yotsatira. Ndikufuna yankho lanu lisanafike tsiku limenelo.

Mukakana, ndidzauchotsa mutuwo, ndipo dzina lanu silidzatuluka pakamwa panga. Ndidzalimbana ndi Pulofesa mmene ndingathere, ngakhale ndikudziwa kuti manja ali opanda kanthu sindingamugonjetse. Sindidzakufunsaninso, ngakhale pa foni. Mwina munaulembera munthu mmodzi yekha, ndipo anauwerenga, nkhani inatha. Ngati ndi choncho ndidzamvetsa. Ndikudziwanso kuti mukavomera, anthu adzadziwa kuti wophunzira wa beseni uja ndi ndani, ndi kuti mwana wamkazi wa pakamwa poipa uja ndi ndani. Za ine musadandaule, ndinazifuna ndekha. Za Bambo, ndikuganiza kuti munthu amene anapereka 18 sangakane kuti ntchitoyo ionekere.

Chimodzi chokha musandiyankhe, chakuti inu simunaphunzire ndipo zimenezi simukuzidziwa. Munatinamiza nacho mokwanira.

Tsamba loyamba la bukuli ndinali nditalembapo kale kuti ndikulipereka kwa bambo anga, amene anandiphunzitsa Chifalansa. Ndawauza kuti ayambe aliimitsa. Sindikufuna kuwachotsa Bambo, koma chiganizocho chaperewera, ndipo sindinapeze mmene ndingachimalizire.

Zimene ndikulemba tsopanozi ndazibwereza kanayi, monga ndinachitira ndi chiganizo chija, ndipo nthawi zonse zikutuluka zazifupi. Pepani, Amayi. Ndinakunyozani pamaso panu, m'nyumba mwanu, ndikudya buledi wodula inu, ndipo ndinkadziona wanzeru. Si tsiku limodzi lokha lija. Ndinapitiriza kukuonani choncho mpaka ndakula, ndakwatiwa, ndabereka. Ndikamakutumizirani mabuku amene ndamasulira ndinkalemba pachikuto kuti mungosunga, ndi okongola pa shelefu. Mtima ukundipweteka ndikakumbukira. Mukanatha kundimenya mbama tsiku lija, aliyense akanakuikirani kumbuyo. Inu munandipatsa chidutswa china, n'kukandilembera mutu wabwino kuposa wina uliwonse umene ndinamasulirapo.

Muli mapepala enanso asanu ndi awiri m'envulopumu. Ndi Chingerezi changa cha mutu wanu, poti tsopano sindikukayikanso kuti nachonso mumachimva kuposa mmene mumaonetsera. Mwa alembi onse amene ndawamasulira, ndinu woyamba amene ndingathe kumufunsa ngati ndalondola. Pali malo awiri amene ndaika funso m'mphepete. Pamene kabati ikunena za mwendo wogwedera, sindikudziwa ngati ikudandaula kapena ikusereula. Ndaikamonso pensulo yofiira, yosongola kale. Musandinyengerere.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, ndi ana onse. Muwauze achimwene kuti kalatayi si yawo, asaisuzumire. Azakhali muwapatse moni wapadera, ndipo ngati zimene tinkanena za ukwati wawo munawauza, musandidziwitse. Mkamwini wanu akupereka moni, ndipo akuti kapu imene anaswa ija mlandu wake ndi wanu. Mdzukulu wanu wajambula dzino lake kuseri kwa tsamba lino.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo ndi masiku ambiri, chifukwa mafunso anga sanathe. Mukamayankha, lembani m'chilankhulo chilichonse chimene mukufuna. Ngati ndi Chifalansa, lembani pang'onopang'ono, ndizitha kukutsatirani.

Ndine mwana wanu wa 14 pa 20,

Madamu